Lipoti: Kabowo ka Static Katasunthidwa, Liwiro ndi Kutalika Zinasokonekera pa Ndege Yomanga Wekha

Ndege imene lipotili likunena ndi ya mipando iwiri, mapiko ake ali m'munsi mwa thunthu, ndipo inamangidwa ndi malata a aluminiyamu potsatira mapulani a amene anaikonza. Paulendo wamba imayenda pafupifupi knots 140 (knot ndi muyezo wa liwiro la ndege), ndipo phiko limasiya kunyamula liwiro likatsika kufika pa knots pafupifupi 50. Vuto limene inali nalo, la timabowo ta static timene timapereka pulesha ya mpweya wa kunja ku zida zoyezera liwiro ndi kutalika, limabwerezabwereza pakati pa omanga ndege, n'chifukwa chake likuyenera kulembedwa mwatsatanetsatane. Manambala a zoyeza ali pano ndi achitsanzo, osankhidwa kuti masamu ake atsatike mosavuta, koma kawerengedwe kake ndi komweko kamene kamagwira ntchito pa ndege iliyonse yaing'ono.

Zizindikiro

Panali zinthu zitatu. Choyezera liwiro chimaonetsa liwiro lochepa poyerekeza ndi limene GPS imalozera, mphepo itachotseredwa kale. Chachiwiri, ndege ikamathamanga pamsewu wake pofuna kunyamuka, matayala ali pansi, singano ya altimeter (choyezera kutalika) imatsika pang'ono ndipo VSI (chida chosonyeza mmene ndege ikukwerera kapena kutsikira) imaonetsa ngati ndege ikulowa pansi. Chachitatu ndi chimene chinachititsa kuti nkhaniyi isanyalanyazidwe: podutsa pamwamba pa msewu wa ndege pa mafiti pafupifupi 50, pa knots 140, altimeter imaonetsa kuti ndege ili mafiti pafupifupi 30 kunsi kwa nthaka ya bwalolo.

Mapulani ankafuna timabowo tiwiri ta static, kena kumanja kena kumanzere, kumbuyo kwa thunthu pakati pa phiko ndi mchira. Kabowo kalikonse kamayenera kukhala riveti ya mutu wotundumuka imene msomali wake wapakati wagogodedwa n'kuchotsedwa, monga momwe zilili pa ndege za RV za kampani ya Van's. Womanga anasintha zinthu ziwiri. Anaika timabowo tosalala bwino, tolingana ndendende ndi lata, chifukwa timaoneka bwino utoto ukapakidwa. Ndipo pofuna malo omangirapo chubu mkatimo popanda kulimbana ndi nthiti ya thunthu, anatisunthira kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 20. Kusintha konseku kumaoneka kochepa munthu ukakhala mu galaji, koma mpweya sukuona choncho.

Chimene kabowoka kamayeza

Kabowo ka static kamayenera kumva pulesha ya mpweya wosasokonezedwa wa pamalo pamene ndege ikuuluka. Pulesha imeneyi imapita ku altimeter, ku VSI, ku choyezera liwiro, ndi ku kachipangizo kamene kamauza transponder (wailesi yoyankha rada) kutalika koti itumize kwa oyang'anira ndege. Choyezera liwiro chimangoonetsa kusiyana kwa pulesha ya pitot (kachubu koyang'ana kutsogolo kamene mpweya umagundamo) ndi ya static. Ndiye static ikalakwika, zida zonsezi zimalakwa limodzi, ndipo zimagwirizana pa bodza lawolo.

Chovuta n'chakuti ndege yokhayo imasokoneza mpweya umene ikufuna kuyeza. Kumphuno mpweya umagunda n'kuchepa liwiro, pulesha imakwera. Pamene thunthu likufutukuka, mpweya umathamanga, pulesha imatsika. Pamwamba pa phiko ndi yotsika kwambiri, pansi pake ndi yokwera. Kumbuyo kumene thunthu likuwonda, mpweya umabwereranso pang'onopang'ono ndipo pulesha imakweranso, makamaka pafupi ndi kutsogolo kwa phiko la mchira. Pakati pa malo okwera ndi otsika pali malo ochepa pamene pulesha ya pa lata imalingana ndi ya kunja. Ntchito yonse ndi kupeza malo amenewo, komanso kusankha amene sasunthasuntha ndege ikakweza mphuno, ikatsitsa flaps (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa potera) kapena injini ikawonjezeredwa mphamvu.

Kukula kwa cholakwika kumayenda ndi pulesha ya liwiro, imene ndi theka la kulemera kwa mpweya kuchulukitsa ndi liwiro, kenako kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Pa mlingo wa nyanja, pamene mpweya umalemera makilogalamu 1.225 pa kiyubiki mita, pulesha imeneyi ndi pafupifupi 5.8 hPa (hPa ndi muyezo wa pulesha) pa knots 60, 16.2 hPa pa knots 100, ndi 31.8 hPa pa knots 140. Kufupi ndi mlingo wa nyanja, 1 hPa ndi mafiti pafupifupi 27 pa altimeter. Kabowo kongolakwa ndi magawo 5 pa 100 aliwonse a pulesha ya liwiro kamalakwitsa altimeter ndi mafiti 8 okha pa knots 60, koma pa knots 140 ndi mafiti 43, ndipo liwiro limalakwa ndi knots zitatu ndi theka. Ndege itaima pansi cholakwikachi ndi ziro. Palibe kuyeza kwa m'galaji kumene kungachionetse.

Mbali imene cholakwika chapendekera ndi yofunika kuidziwa bwino. Kabowo kakamva pulesha yochuluka, altimeter imaonetsa pansi ndipo liwiro limaoneka lochepa; woyendetsa amakhala pamwamba komanso mothamanga kuposa mmene akuganizira. Kakamva pulesha yochepa, zonse zimaonetsa mopitirira, ndipo ndege imakhala pansi komanso pang'onopang'ono kuposa mmene zida zikunenera. Chachiwirichi ndiye choopsa kwambiri potera. Ndege ya lipotili inali ndi choyambacho, koma nachonso si chabwino: munthu angapyole liwiro lalikulu lololedwa osadziwa, ndipo transponder imatumiza kutalika kolakwika kwa ena onse amene ali mumlengalenga momwemo.

Poyezera pali kale. Malamulo a ku America a ndege zing'onozing'ono zovomerezeka, Part 23 monga inalili isanalembedwenso mu 2017, ankalola liwiro kulakwa ndi magawo 3 pa 100 kapena knots 5, kutengera chimene chakula, ndipo kutalika kulakwa ndi mafiti 30 pa knots 100 zilizonse m'chigawo cha liwiro lotsikirapo. Ndege yomanga wekha sikakamizidwa kutsatira zimenezi, koma palibe chifukwa chomveka choti ikhale yolakwa kuposa pamenepo.

Kuchotsa zina zimene zingakhale zolakwa

Musanaboole lata lililonse, onetsetsani kuti vuto silili m'machubu kapena m'zida. Dongosolo lake ndi ili, ndipo kulumpha gawo limodzi kumangotayitsa nthawi ya mumlengalenga.

Koyamba ndi kuona ngati mpweya ukuthawa. Kabowo kamodzi kamatsekedwa ndi tepi, pa kenako pamaikidwa chokokera mpweya, ndipo mpweya umakokedwa pang'onopang'ono mpaka altimeter ikwere mafiti 1,000 pamwamba pa malowo. Ndiye mumatseka n'kudikira mphindi imodzi. Pa ndege imene siiwonjezera pulesha m'chipinda chokhalamo anthu, singano isatsike kupitirira mafiti 100. Apa pali msampha: mafiti 1,000 ndi pafupifupi 36 hPa, ndipo choyezera liwiro chimaona zimenezo ngati knots pafupifupi 150. Ngati chanu chimathera pa knots 120, lumikizani pitot ndi static pamodzi poyeza, apo ayi muwononga kachikopa ka mkati. Kokani ndi kubweza mpweya mosafulumira kuti VSI isagunde kumapeto. Musapemerere m'chubu ndi pakamwa kapena ndi kompuresa zida zili zolumikizidwa. Pa ndegeyi singano inatsika pang'ono chabe, m'kati mwa malire. Kuthawa kwa mpweya m'chipinda kukanachititsanso zida kuonetsa mopitirira, osati mochepa, chifukwa pulesha ya m'chipinda nthawi zambiri imakhala yotsika kuposa ya kunja.

Kenako choyezera liwirocho chimayezedwa pachokha ndi chubu choonekera chopindidwa ngati U chokhala ndi madzi. Kusiyana kwa madzi kwa mamilimita pafupifupi 60 ndi knots 60, mamilimita 166 ndi knots 100, ndipo mamilimita 328 ndi knots 140. Cholakwika chilichonse cha chidacho chimalembedwa kuti chidzachotseredwe pa zoyeza za mumlengalenga.

Pitot siinatenge nthawi. Ikakhala kunja kwa mphepo ya pulopela komanso yotalikirako ndi lata la phiko, siivuta kwenikweni ngakhale itapendekeka madigiri angapo. Komanso pitot siikhudza altimeter m'pang'ono pomwe. Popeza altimeter ndi liwiro zimalakwa limodzi komanso mbali imodzi, wolakwa anali static.

Kuyeza mumlengalenga

Njira yosavuta kwa womanga ndi ya GPS ya maulendo atatu. Sankhani m'mawa mpweya uli bata. Ikani altimeter pa 1013 hPa. Gwirani kutalika kumodzi ndi liwiro limodzi la pa chida, n'kuuluka molunjika mbali zitatu zotalikirana pafupifupi madigiri 120. Pa mbali iliyonse dikirani kuti manambala akhazikike, kenako lembani liwiro la pansi ndi mzere umene GPS ikuonetsa, pamodzi ndi kutentha kwa kunja. Mizere itatuyo ikajambulidwa kuchokera pa kadontho kamodzi, nsonga zake zimagwera pa bwalo lozungulira limodzi. Mtunda wochokera pakati pa bwalolo kufika m'mphepete ndiwo liwiro lenileni la ndege mumpweya, ndipo pamene pali pakatipo pakusonyeza mphepo. Ulendo wachinayi ndi wotsimikizira: ngati nsonga yake siigwera pa bwalolo, mphepo inasintha kapena liwiro silinagwiridwe bwino, ndipo zoyezazo zitayidwe. Kungophatikiza maliwiro atatu n'kugawa ndi 3 kumapereka yankho lopitirira pang'ono, makamaka mphepo ikakhala yamphamvu.

Choyezera kutentha chimanyenga anthu ambiri. Chikakhala m'njira ya mpweya wotentha wochokera ku injini, kapena padzuwa, chimaonetsa mopitirira ndipo masamu onse amakhota. Madigiri 6 olakwika amabweretsa cholakwika cha pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa liwiro.

Pa ndegeyi, pa mafiti 5,000 ndi kutentha kwa madigiri 5, GPS inapereka liwiro lenileni la knots 150. Pamenepo mpweya umalemera magawo 86 pa 100 a kulemera kwake pa mlingo wa nyanja, choncho chida cholondola chimayenera kuonetsa knots pafupifupi 139.5. Chinaonetsa 133. Gawani 133 ndi 139.5, yankholo mulichulukitse ndi lokha, mupeza 0.91. Kutanthauza kuti kabowo kamamva pulesha yopitirira ndi magawo 9 pa 100 a pulesha ya liwiro, pafupifupi 2.9 hPa. Kufupi ndi mlingo wa nyanja amenewo ndi mafiti pafupifupi 78, ndipo ndi zomwezo zimene kudutsa pamwamba pa msewu wa ndege kunaonetsa: 50 kuchotsa 78. Njira ziwiri zosiyana zikagwirizana chonchi, palibenso chokayikitsa.

Kuyeza kumabwerezedwa pa maliwiro angapo, kuyambira pa liwiro la stall (limene phiko limasiyira kunyamula) kuchulukitsa ndi 1.3 mpaka liwiro lalikulu la paulendo, flaps zili m'mwamba, kenako zili pansi. Kuyeza pa liwiro limodzi lokha sikukwanira, chifukwa kabowo kangathe kulondola paulendo koma n'kulakwa kwambiri potera.

Kusankha malo

Ngati mapulani ali ndi malo oyesedwa kale, bwererani pomwepo, ndi kabowo ka maonekedwe omwewo. Malo ndi maonekedwe a kabowo ndi chinthu chimodzi. Mutu wotundumuka wa riveti umathamangitsa mpweya pamwamba pake n'kutsitsa pulesha pang'ono, ndipo wokonza ndege anayeza malo akewo riveti ili pomwepo. Kuchotsa kutundumukako kunakweza pulesha. Kusunthira kumbuyo, kumene thunthu likuwonda ndiponso kufupi ndi phiko la mchira, kunaikwezanso. Zolakwa ziwiri zinapendekera mbali imodzi.

Amene akumanga ndege ya mapulani akeake, kapena amene wasintha kwambiri thunthu, ayenera kufufuza yekha. Poyambira pabwino ndi m'mbali mwa thunthu, pakati pa kumbuyo kwa phiko ndi kutsogolo kwa mchira, chapakati pa msinkhu wa thunthu, pa lata loongoka. Pewani pamene lata likupinda, chifukwa pamenepo pulesha imasintha kwambiri pa masentimita ochepa. Pewani kumbuyo kwa chilichonse chotundumuka: mlongoti wa wailesi, chopondera pokwera, chogwirira, mzere umene malata awiri akusanjikizana, m'mphepete mwa chitseko kapena galasi lotsekera. Pewani njira ya utsi ndi ya mpweya wotuluka pansi pa chophimba injini. Lata lopyapyala limene limaphompha likakanikizidwa ndi chala silabwinonso, chifukwa limasintha maonekedwe mumlengalenga. Kabowo kakhale pafupi ndi nthiti kapena kakhale ndi kachitsulo kolimbitsa mkati.

Malo ena amagwira ntchito pa ndege zina. Cessna 172 ili ndi kabowo kutsogolo kwa thunthu mbali ya kumanzere, ndipo Piper Cherokee ili nako pa kamtengo ka pitot pansi pa phiko. Zimenezi zinayezedwa ndi opanga ake pa mathunthu awo, ndipo sizingakopedwe n'kuikidwa pa ndege ina. Pansi pa phiko pulesha imasintha ndi kupendekeka kwa phiko komanso flaps. Kutsogolo kwa thunthu kuli mphepo yozungulira ya pulopela imene imasintha ndi mphamvu ya injini. Kusiya chubu chotseguka m'chipinda ndiye njira yofooka kwambiri, pakuti kungotsegula kazenera ka mpweya kumasuntha singano zonse.

Pofufuza, boolani timabowo ta milimita imodzi titatu kapena tinayi pa mzere umodzi, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, mbali zonse ziwiri mofanana. Gulu lililonse la timabowo tiwiri likhale ndi chubu chake chopita ku chosankhira chimene woyendetsa angafike ndi dzanja. Mukatero ulendo umodzi umayeza malo onse pa mphepo ndi kutentha komweko. Musamangoyang'ana malo amene ali pafupi kwambiri ndi ziro paulendo. Yang'anani amene cholakwika chake sichisintha kwambiri kuchoka pa liwiro lochepa kufika pa lalikulu, chifukwa cholakwika chokhazikika chimakonzeka ndi maonekedwe a kabowo, pamene chosinthasintha sichikonzeka. Timabowo totsala timatsekedwa ndi riveti. Oyesa ndege za makampani amakoka kachubu kataliko kumbuyo kwa ndege kokhala ndi kakhoni kumapeto, kuti apeze pulesha yeniyeni kutali ndi thunthu. Njirayi ndi yolondola kwambiri, koma chubucho chingathe kukola pa zowongolera za mchira, ndiye si yoyambira munthu amene sanaichitepo.

Kukonza

Pa ndegeyi timabowo tosalala tinatsekedwa, ndipo mariveti otundumuka anaikidwa pa malo a m'mapulani, poyeza kuchokera pa nthiti yomweyo mbali zonse ziwiri. Bowo la pakati liyenera kukhala loyera, lopanda tizitsulo totsalira m'mphepete, lalikulu milimita imodzi mpaka imodzi ndi theka. Bowo lalikulu kwambiri limalola mpweya kuzungulira mkamwa mwake ndipo limawonjezera cholakwika chake.

Timabowo tiwiri ndi tofunika chifukwa cha kuuluka chammbali. Ndege ikapendekera mphepo mbali imodzi, kabowo ka mbali imeneyo kamamva pulesha yochuluka, ka mbali inayo yochepa. Tikalumikizidwa ndi cholumikiza cha T, pulesha ya pakati pake imakhala pafupi ndi yoona. Izi zimatheka pokhapokha machubu awiriwo akhala ofanana utali ndi kukula. Chubu cha nayiloni cha kota ya inchi chimakwanira. Kuchokera pa kabowo, chubu chiyambe chakwera m'mwamba masentimita angapo chisanalowere kutsogolo, ndipo T ikhale pamwamba pa timabowo tonse, kuti madzi a mvula kapena otsukira abwerere kunja okha. Ngati chubu chili ndi malo otsika panjira yopita ku zida, pamenepo paikidwe potulutsira madzi. Madzi otsalira amachititsa singano kudumphadumpha, ndipo kumwamba kozizira amaundana n'kutseka njira yonse. Pa riveti chubu chimamatidwa ndi chomatira chosauma gwa, ndipo chimamangiriridwa ku nthiti kuti kulemera kwake kusakoke polumikizira.

Akatha kukonza, kuyeza kwa kuthawa kwa mpweya kumabwerezedwa, kenako maulendo a GPS onse. Pa knots 140 cholakwika chinatsala magawo awiri pa 100 a pulesha ya liwiro, knots pafupifupi imodzi ndi theka ndi mafiti 17. Pa knots 65, flaps zili pansi, chinapendekera mbali inayo: chida chimaonetsa mopitirira ndi knots ziwiri. Pa altimeter amenewo ndi mafiti 11 okha, osadetsa nkhawa, koma knots ziwiri potera ndi zoyenera kudziwika. Zinalembedwa pa tebulo la kusiyana kwa liwiro la pa chida ndi liwiro lokonzedwa, ndipo liwiro lotererapo linasankhidwa potengera liwiro la stall limene chidacho chimaonetsa ndithu pa ndegeyo, osati nambala ya m'mapulani.

Cholakwika chochepa chikatsala mbali imodzi pa maliwiro onse, sipafunika kuboolanso. Kampanda kakang'ono kotundumuka kutsogolo kwa kabowo kamatsitsa pulesha, ndipo kumbuyo kwa kabowo kamaikweza. Yambani ndi timapepala ta tepi tosanjikiza mpaka theka la milimita, mofanana mbali zonse, ulukani, yezani, kenako onjezani kapena chotsani. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukapeza mlingo woyenera, dulani kachitsulo ka makulidwe omwewo n'kukamata kuti kakhalitse. Pa zida za kompyuta zimene zimalola kusintha manambala a liwiro, musabise vuto la static mmenemo: liwiro lidzaoneka lolondola koma altimeter ndi transponder zidzapitiriza kulakwa.

Ndege imene idzauluke m'mitambo ikhale ndi valavu ya static yapadera m'chipinda, ndipo nayonso iyezedwe pa maliwiro angapo, mazenera a mpweya ali otseka komanso otsegula, kuti woyendetsa adziwe kuchuluka kwa mmene singano zidzadumphire akaitsegula. Ku America lamulo la 91.411 limafuna kuti altimeter ndi machubu a static aziyezedwa miyezi 24 iliyonse pa maulendo oterewa, koma kuyezako ndi kwa pansi, ndipo sikuona malo a kabowo.

Ndege zambiri zomanga wekha zimayesedwa zisanapakidwe utoto. Utoto wokhuthala umakwirira mutu wa riveti, ndipo tepi yotchingira imasiya kamzera kotundumuka kuzungulira kabowo, kamene kamagwira ntchito ngati kampanda kaja. Ndege ikabwera kopakidwa, kapena ikaikidwa zophimba matayala, mlongoti watsopano kapena chilichonse chokhala kutsogolo kwa timabowo, maulendo a GPS abwerezedwe pa liwiro lotera ndi la paulendo, ndipo tebulo lija lilembedwenso ngati manambala asintha.